Riyal ya m'chipululu ndi kwacha ya ku Kawale

Liwu lakuti ndalama silinabadwire kuno. Munthu wa ku Biwi kapena ku Chinsapo amalitchula kambirimbiri dzuwa lisanalowe, pogula matemba, pokangana ndi kondakitala wa minibasi, pokumbutsa mnzake ngongole, koma liwuli linalowa kumtunda kuno ndi amalonda ochokera kugombe la nyanja yamchere. Akatswiri a zilankhulo amalilumikiza ndi liwu la Chiarabu lakuti dirham, limene pochulukitsa amati darahim. Kwa Ashona a ku Zimbabwe ndarama ndi golide, ndipo n'zomveka, pakuti golide wa m'dera limenelo ndiye ankatsikira ku Sofala n'kukwera zombo za mafumu a Chisilamu a ku Kilwa. Ibn Battuta anafika ku Kilwa mu 1331 napeza mzinda wolemera ndi malonda amenewa. Pa mabwinja a Great Zimbabwe ofukula zakale anatolapo kakhobidi ka mkuwa kosulidwa ku Kilwa, kokhala ndi dzina la Sultan al-Hasan ibn Sulayman, mfumu yomweyo imene Ibn Battuta anakumana nayo. Choncho mayi wa ku Mgona akamadandaula kuti alibe ndalama, akutchula dzina la khobidi lasiliva limene ma Swahaba ankawerengera zakaat.

Tiyeni tsono tiitsate ndalama ya m'chipululu cha Arabia, dziko limene timalunjikako nkhope pa swala iliyonse, tione zimene imaulula za eni ake. Tikatero tiigoneka pambali pa kwacha yathu, chifukwa mafunso amene ophunzira akufunsa m'madrasa a ku Area 23 ndi ku Kawale, a ngongole, a zakaat ndi a kusintha ndalama, anabadwira m'mbiri imeneyi.

Makkah unali mzinda wa amalonda koma unalibe ndalama yakeyake. M'nthawi ya Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) ma Quraish ankabwera ndi dinar yagolide kuchokera ku Sham, yosulidwa ndi Aroma a ku Constantinople, yokhala ndi nkhope ya mfumu yawo ndi mtanda. Dirham yasiliva inkachokera ku Persia, mbali ina mutu wa mfumu, mbali inayo guwa la moto la Amajusi. Maina omwewo ndi obwereka: dinar ndi denarius wa Aroma, dirham ndi drachma wa Agiriki. Qur'an yolemekezeka inatchula onse awiri, dinar mu Surat Al Imran ndipo ma dirham mu Surat Yusuf. Anthu a ku Makkah analibe nazo ntchito nkhope zosindikizidwazo. Makobidiwo ankawayeza pa sikelo, chifukwa ena ankabwera operepeseka, ena odulidwa m'mphepete. Ma dirham 40 ankapanga uqiya imodzi, ndipo Mtumiki anaika malire a zakaat ya siliva pa ma uqiya asanu, ndiye kuti ma dirham 200. Iye sanasule ndalama yake, ndipo sanaletse ma Swahaba kugulira khobidi lokhala ndi mtanda kapena guwa la moto. Amene amafunsa ngati n'zololedwa kusunga dola ya ku America, yankho lawo limayambira pamenepa.

Amene anasintha zinthu ndi Khalifa Abd al-Malik ibn Marwan. M'chaka cha 77 cha Hijra, cha m'ma 696 mpaka 697, anasula dinar yopanda chithunzi chilichonse, mawu okhaokha a Chiarabu onena za umodzi wa Allah ndi utumiki wa Mtumiki wake, kuphatikizapo chaka. Anali pa mkangano ndi Aroma, ndipo panali patangopita zaka zochepa chigonjetsereni Abdullah ibn al-Zubayr ku Makkah. Khobidi limeneli linali chilengezo chakuti ufumu ndi umodzi, wolamula ndi mmodzi, ndipo boma likulankhula Chiarabu. Dinar imeneyo inkalemera magalamu 4.25, ndipo ma dirham khumi ankalingana kulemera ndi ma dinar asanu ndi awiri. Pa masamu amenewa ndi pamene pamachokera manambala awiri amene mwalimu aliyense analoweza, magalamu 85 a golide ndi magalamu 595 a siliva.

Ulemererowo unakhazikika ku Damascus, kenaka ku Baghdad ndi ku Cairo. Chipululu chenichenicho chinatsala chosauka, chuma chake chili ngamira, mbuzi, tende ndi zimene olamula ankatolera kwa anthu a Hajj. Pofika zaka za m'ma 1800 khobidi limene Mbedu wa ku Najd kapena wamalonda wa ku Yemen ankalikhulupirira linali lasiliva la ku Austria, lolemera magalamu 28, lokhala ndi nkhope ya mfumukazi Maria Theresa. Iwo ankalitcha riyal, liwu lochokera ku real ya ku Spain. Mfumukaziyo inamwalira mu 1780, koma onse osula khobidili pambuyo pake anapitiriza kulembapo chaka chomwecho, chifukwa wogula akanakana chaka china. Amalonda ankafika powerenga timikanda ta pa chovala cha mfumukaziyo kuti adziwe ngati khobidi silinathe kapena si lachinyengo. Tangoganizani, m'dera limene alaliki ankatsutsa zithunzi mwamphamvu, chimene chinkatsimikizira kuti siliva ndi weniweni chinali nkhope ya mayi wachikhristu wa ku Vienna.

Khobidi lomwelo ndilo linkalamula msika wa Zanzibar Sayyid Said wa ku Oman atasamutsira likulu lake kumeneko cha m'ma 1840. Maulendo a amalonda olowera ku nyanja yathu, kuphatikizapo a Jumbe Salim bin Abdallah amene anakhazikika ku Nkhotakota m'zaka zomwezo, ngongole ndi phindu lawo zinkawerengedwa kugombe m'ma riyal amenewa. Kumtunda kuno malonda ankayenda ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Zotsika kupita kugombe zinali minyanga ya njovu ndi anthu ogwidwa ukapolo, ndipo wophunzira mbiri ya Chisilamu m'Malawi sayenera kuilumpha mfundo imeneyi ngati kuti siikumukhudza. Pa msika wa Zanzibar munthu wochokera kuno anali ndi mtengo wake m'ma riyal. Ndalama yogwirika m'manja inafala pakati pa makolo athu atsamunda atakhazikitsa boma mu 1891: poyamba ma rupee a ku India, kenaka sheleni ndi paundi. Chimene chinaphunzitsa ambiri kuifunafuna chinali msonkho wa nyumba, umene unathamangitsira amuna ku minda ya azungu ndi ku migodi ya ku Joni.

Chiphaso cha wa Hajj

Abdulaziz ibn Saud analanda Riyadh mu 1902, Makkah mu 1924, Madinah ndi Jeddah mu 1925. Dziko limene analumikizalo linali ndi chisokonezo cha makobidi: a Maria Theresa, a Aturuki, ma rupee, a Sharif Husayn wa ku Hijaz, ndi paundi yagolide ya Angerezi. Mu 1928 anasula riyal yake yasiliva naika lamulo lakuti ma riyal khumi alingane ndi paundi imodzi yagolide. Lamulolo silinagwire, chifukwa mtengo wa golide ndi wa siliva umakwera ndi kutsika paokhapaokha, ndipo ankaudula ndi amalonda a ku London ndi ku Bombay. Siliva akakwera mtengo, ma riyal ankazembetsedwa m'matumba kupita ku India kukasungunulidwa, misika ya ku Jeddah n'kutsala yopanda chenji.

Nthawi imeneyo thumba la boma linkadalira anthu a Hajj. Chuma cha dziko lonse lapansi chitagwa mu 1929, obwera ku Hajj kuchokera kunja anatsika kuchoka pa pafupifupi 100,000 kufika pa 20,000 pofika 1933. Ndi m'chaka chomwecho, thumba lili pululu, pamene mfumu inapereka chilolezo chofufuza mafuta kwa kampani ya Standard Oil of California. Mafuta anatuluka ku Dammam mu March 1938. Chuma chinayamba kusefukira, koma chinkayendabe m'njira yakale: malipiro a antchito a kampani yamafuta ankanyamulidwa m'matumba olemera a makobidi, n'kumawerengedwa limodzilimodzi.

Mu 1952 boma linakhazikitsa bungwe loyang'anira ndalama la SAMA ku Jeddah, mothandizidwa ndi alangizi a ku America. Malamulo oyambitsira bungweli anali ndi ziletso ziwiri zimene wophunzira fiqh ayenera kuzisunga: lisalandire kapena kupereka chiwongola dzanja, ndiponso lisasindikize ndalama yapepala. Anthu sankalikhulupirira pepala, ndipo maulama ena ankalikayikira. Koma vuto la wa Hajj linali looneka ndi maso. Munthu wochokera ku Java kapena ku Kano ankasintha ndalama zake ku Jeddah n'kusenza thumba la siliva mpaka ku Mina ndi ku Arafat, padzuwa lotentha, akuopa akuba. Mu 1953 SAMA inatulutsa chimene inachitcha chiphaso cha wa Hajj, kapepala ka ma riyal khumi kolembedwa m'zilankhulo zisanu ndi chimodzi, Chiarabu, Chiperisiya, Chingerezi, Chiurdu, Chituruki ndi Chimalaya, kolonjeza kuti wokabweza adzapatsidwa siliva wake. Pa malamulo sikanali ndalama, kanali risiti chabe. Koma wogulitsa buledi ku Makkah anakalandira, nakagulira ufa, wa ufayo nakalipira ngongole, ndipo palibe amene anavutika kukatenga silivayo. Anatulutsanso ta ma riyal asanu ndi ta riyal imodzi. Mu 1961 boma linangovomereza zimene msika unali utagamula kale, n'kusindikiza ndalama yapepala yeniyeni, ndipo ziphasozo zinachotsedwa mu 1965. M'dziko limenelo pepala linalowa kudzera pa Hajj, khomo limene palibe akanalitseka.

Kukayikira kwa maulama kunali ndi maziko, ndipo tisakuone ngati umbuli wa anthu akale. Funso linali lakuti pepalali ndi chiyani pa Shariya. Ngati ndi chikalata cha ngongole imene banki ili nayo kwa iwe, ndiye kuti sungagulire golide kapena siliva, chifukwa malonda amenewo amafuna kulandirana pompopompo, ndipo chikalata si kulandira. Ngati ndi katundu wamba ngati nsalu, ndiye kuti mulibe riba, munthu atha kugulitsa pepala la khumi pa mtengo wa khumi ndi awiri. Ngati lili ngati fulus, timakobidi tamkuwa togulira zing'onozing'ono, ndiye kuti pa ganizo lotchuka la madh-hab a Imam Shafi'i, amene Asilamu ambiri a m'Malawi timatsata, malamulo a riba ya kusinthana saligwira, chifukwa maimamu a madh-habwa anawamangirira pa golide ndi siliva. Njira iliyonse mwa zitatuzi imafika pa malo ovuta: ina imatseka malonda, zinazo zimatsegula katapila ndi kufafaniza zakaat ya anthu olemera. Nkhaniyi inali itavuta kale ku Makkah mu 1906, pamene maulama a kumeneko anafunsa Ahmad Raza Khan wa ku India, amene anabwera ku Hajj, ndipo iye anawalembera kabuku ka Kifl al-Faqih al-Fahim.

Mu 1971 America inasiya kusintha dola ndi golide, ndipo lonjezo lakuti kuseri kwa pepala kuli chitsulo linatheratu padziko lonse. Bungwe la maulama akuluakulu a ku Saudi Arabia linagamula mu 1393 ya Hijra, chaka cha 1973, kuti ndalama yapepala ndi ndalama payokha, yolowa m'malo mwa golide ndi siliva pa riba ndi pa zakaat, ndipo kuti ndalama ya dziko lililonse ndi mtundu wakewake. Bungwe la fiqh la maiko a Chisilamu a mu OIC linatsimikiza zomwezo ku Amman mu 1986. Tanthauzo lake pa msika wa Kawale ndi ili. Kwacha ndi kwacha zisinthane zofanana ndiponso dzanja ndi dzanja, moti wokupatsa chenji ya K4,500 pa K5,000 yako wadya riba. Kwacha ndi riyal zisinthane pa mtengo uliwonse umene mwagwirizana, koma musasiyane musanalandirane. Ndipo mu 1990 ku Jeddah bungwe lomwelo linavomereza kuti ndalama ikalembedwa mu akaunti ya munthu ndiye kuti wailandira. Pa mfundo imeneyi ndi pamene pamatsamira kutumizirana kwa pa foni kumene tikuchita tsiku lililonse pa Airtel Money ndi Mpamba.

Zimene pepala limanena ndi zimene limabisa

Amene anabwerako ku Hajj kawirikawiri amasunga pepala limodzi kapena awiri m'sutikesi. Mukawapempha kuti muone, pa la 500 mupeza Ka'bah ndi nkhope ya Mfumu Abdulaziz, pa la 100 mzikiti wa Mtumiki ku Madinah, pa la 50 Qubbat al-Sakhra ndi mzikiti wa al-Aqsa ku Jerusalem, ndipo pa la 5 malo opopera mafuta a Shaybah m'chipululu cha Rub al-Khali. Paliponse pali mtengo wa tende ndi malupanga awiri. Banja lachifumu, mizikiti yopatulika ndi mafuta: dzikolo ladzifotokoza lokha mosabisa. Mapepala a 1961 analibe nkhope ya munthu, nkhope za mafumu zinayamba m'ma 1970. Abd al-Malik anachotsa nkhope kuti aonetse mphamvu ya boma lake, ndipo patatha zaka 1,300 olamula Makkah anaibwezeretsa pa chifukwa chomwecho.

Chofunika kwambiri pa riyal sichinasindikizidwe pa pepalapo. Kuyambira 1986 dola imodzi ndi ma riyal 3.75, ndipo nambalayi sinasunthe mafuta atagwa mtengo mu 1998, mu 2015 ngakhale mu 2020. Mafuta amagulitsidwa m'madola, madolawo amasungidwa, ndipo aliyense wofuna dola pa 3.75 amaipeza. Mtengo wa bata limeneli ndi wakuti banki yaikulu ya ku Riyadh imayenera kutsatira banki yaikulu ya ku Washington: uko akakweza chiwongola dzanja, kunonso akweza. Bungwe limene linabadwa ndi chiletso cha chiwongola dzanja lero limalengeza mlingo wake wa chiwongola dzanja pasanathe maola ochuluka Amereka atalengeza wawo. Ine ndimaona kuti pamenepa riyal imanena zoona za dzikolo kuposa zithunzi zija.

Palinso anthu amene pepalalo siliwaonetsa. Kalembera wa 2022 anapeza anthu 32.2 miliyoni, mwa iwo 13.4 miliyoni ndi obwera, ambiri a ku Bangladesh, India, Pakistan, Yemen ndi Egypt. Ndiwo amanga misewu, kusesa m'mahotela a ku Makkah ndi kulera ana m'makomo. Riyal yosasunthayo ndiyo imawakoka, chifukwa amadziwa kuti zimene atumize kwawo sizisungunuka m'njira. Koma dongosolo la kafala, limene limamangirira wantchito kwa bwana wake, lazunza ambiri m'maiko a m'chigawochi. Mu 2024 wailesi ya BBC inaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi amene anatengedwa kukagwira ntchito zapakhomo ku Oman n'kukapezeka alandidwa mapasipoti, akuzunzidwa, alibe pothawira. Oman yomwe ija ya Sayyid Said.

Kwacha inabadwa mu February 1971, kulowa m'malo mwa paundi ya Malawi pa mtengo wa makwacha awiri pa paundi imodzi. Dzinalo linali mfuu ya pa misonkhano yomenyera ufulu, ndipo tambala anali chizindikiro cha chipani cha Congress. Zambia inali itatenga kale dzina lomwelo mu 1968. Nkhope inali ya Kamuzu Banda yekha mpaka ulamuliro wake unatha. Mu 1995 panabwera ya Bakili Muluzi, Msilamu yekhayo amene nkhope yake inakhalapo pa ndalama yathu, ndipo mu 1997 inalowedwa m'malo ndi ya John Chilembwe. Kuyambira 2012 nkhope zinagawidwa: Inkosi ya Makhosi M'mbelwa II pa K20, Inkosi ya Makhosi Gomani II pa K50, James Sangala pa K100, Rose Chibambo pa K200, Chilembwe ndi Kamuzu pa zikuluzikulu. Kalembera wa 2018 anati Asilamu ndi 13.8 pa anthu 100 alionse, koma pa mapepala a lero palibe mfumu ya Chiyao kapena sheikh. Kuseri kuli nkhokwe za chimanga za ku Mzuzu, damu la Mulunguzi, nyumba ya malamulo, masukulu a ukachenjede. Mapepala oyambirira ankaonetsa othyola tiyi ndi antchito a m'minda ya fodya. A lero fodya anamubisa, chonsecho ndiye amabweretsa gawo lalikulu la madola athu.

Wokhala ku Mgona kapena ku Area 25 safunika buku kuti amvetse zimenezi. Msika wa fodya wa Kanengo uli pakhomo pake. Malole akayamba kundandalika mu April amadziwa kuti madola akubwera, ndipo msika ukatsekedwa, pamene dziko likufuna feteleza, mafuta ndi mankhwala, amaona mizere ya magalimoto pa malo omwetsera mafuta. Saudi Arabia ndi Malawi onse amadalira chinthu chimodzi chogulitsa m'madola. Kusiyana kwake n'kwakuti uko chimatuluka chaka chonse ndipo dziko lonse lapansi limachifuna, pamene chathu n'cha nyengo imodzi ndipo ogula akulangizidwa kuti achileke. Ndi nkhani yoti ma sheikh athu aiganizire: ambiri a iwo amagamula kuti kusuta ndi haraam, koma dola imene wa Hajj amagula ku banki nthawi zambiri inalowa m'dziko kudzera ku Kanengo.

Manambala okha akwanira. Mu 1971 kwacha imodzi inali dola imodzi ndi masenti 20, ndipo dola inali ma riyal 4.5, choncho kwacha imodzi inkagula ma riyal oposa asanu. Mu February 1994 boma linaisiya kuti msika uidulire mtengo. Mu May 2012 inagwa kuchoka pa K168 kufika pa K250 pa dola. Mu May 2022 inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 ndi 44 peresenti, kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Pa mtengo wa ku banki wa 2024, K1,751, riyal imodzi inali pafupifupi K467. Pepala lathu lalikulu koposa, la K5,000 limene linatuluka mu 2022, linkagula ma riyal osakwana 11, pafupifupi kachiphaso kaja ka 1953. Ndipo uwu ndi mtengo wa ku banki, kumene dolayo kawirikawiri siipezeka. Kumsewu inafika pokwera kuwirikiza kawiri ndi kupitirira, mpaka mu February 2025 ogulitsa kaunjika a mu Lilongwe anaguba kupita ku nyumba ya malamulo chifukwa mtengo wa belo unkakwera sabata ndi sabata. Munthu amene wakhala akusunga makwacha a Hajj kwa zaka khumi akuthamangitsa chinthu chimene chikumuthawa.

Za kusintha ndalama kumsewu, tisiyanitse zinthu ziwiri. Mtengo wokwerawo paokha si riba, chifukwa kwacha ndi dola ndi mitundu iwiri, malinga alandirana pomwepo. Koma lamulo la dziko limaletsa malonda amenewa kwa opanda chilolezo, ndipo maulama ambiri amati kumvera wolamula pa zinthu zoteteza anthu onse n'kofunika. Mwalimu amene amangoti ndi riba walakwitsa chifukwa chake, ndipo amene amangoti ndi halaal wasiya theka la yankho.

Ngongole ya dzana, kwacha ya lero

Funso lolemera kwambiri ndi la ngongole. Tiyerekeze mphunzitsi wa ku Kawale anabwereka mnzake K1,180,000 mu October 2023, pamene ndalamayo inali madola 1,000. Mnzakeyo anabweza yonse mu December, osachotsapo tambala, koma tsopano inali madola 694. Kodi wabweza ngongole? Funso lomweli limabuka pa mahr amene mwamuna analonjeza kudzapereka mtsogolo, pa chipereganyu pamene womaliza kulandira amatenga ndalama yofooka kuposa ya woyamba, ndi pa katundu wotengedwa pa ngongole m'maokala.

Bungwe la fiqh la OIC linayankha ku Kuwait mu 1988 kuti ngongole imabwezedwa ndi nambala yomweyo ya ndalama yomweyo, ndipo sizololedwa kuimangirira ku kukwera kwa mitengo. Ili ndi ganizo la maimamu ambiri akale, kuphatikizapo Imam Shafi'i ndi Imam Abu Hanifa. Mantha awo ndi omveka: mukangolola kuti wobwereketsa alandire nambala yoposa imene anapereka, wa katapila aliyense adzati akungobwezeretsa mphamvu ya ndalama yake. Koma Qadi Abu Yusuf, wophunzira wa Abu Hanifa, anaona mosiyana pa nkhani ya fulus. Iye anati timakobidi timeneti tikatsika kapena kukwera mtengo, wangongole abweze mtengo umene tinali nawo pa tsiku la ngongole. Ibn Abidin wa ku Damascus, amene anakhala m'nthawi imene ndalama ya Aturuki inkafooka chaka ndi chaka, analemba kabuku kapadera ka Tanbih al-Ruqud ndipo anasonyeza kuti fatwa ya ma Hanafi pa fulus ili pa ganizo la Abu Yusuf. Kale kwambiri, mu 1405, al-Maqrizi wa ku Cairo anali atalemba mu Ighathat al-Umma kuti njala ya m'nthawi yake inakula chifukwa olamula anadzaza msika ndi makobidi amkuwa, ndipo amene anavutika koposa anali olandira malipiro okhazikika, ma faqih ndi ophunzira. Mwalimu wolandira malipiro a pamwezi a komiti ya mzikiti akawerenga ndime imeneyo adzadziona.

Ine ndikuona kuti chigamulo cha 1988 ndi cholondola pa kutsika kwa pang'onopang'ono, kumene aliyense wobwereketsa amakuyembekezera. Koma ndalama ikagwa ndi 44 peresenti usiku umodzi, kuuza wobwereketsa kuti walandira zake zonse n'kumulanga chifukwa cha chifundo chake, ndipo mawa sadzabwereketsanso wina. Pamenepo njira yabwino ndi sulhu, awiriwo agawane kutayako pamaso pa sheikh kapena akuluakulu. Wangongole athanso kuwonjezera mwa kufuna kwake popanda pangano, monga Mtumiki anabwezera ngamira yabwino kuposa imene anabwereka. Ndipo ofuna kupewa mkangano abwereketse chinthucho chenicheni: matumba khumi a chimanga abwezedwe matumba khumi a chimanga, kwacha ichite zimene ikufuna.

Pa zakaat, nambala ya nisab m'makwacha imene inalengezedwa Ramadhan yatha ndi yakufa kale. Iwerengedwe pa tsiku limene chaka cha chumacho chakwana, mtengo wa galamu kuchulukitsa ndi 85 ngati ndi golide, kapena ndi 595 ngati ndi siliva. M'nthawi ya Mtumiki ma nisab awiriwa ankalingana, dinar imodzi ili ma dirham khumi. Lero siliva watsika kwambiri moti nisab yake ndi kachigawo kochepa ka nisab ya golide. Maulama a ku Saudi Arabia amati titsate yotsikayo chifukwa imapindulira osauka. Sheikh Yusuf al-Qaradawi m'buku la Fiqh al-Zakat anasankha golide, ponena kuti mwini magalamu 595 a siliva masiku ano sangatchedwe wolemera. Kwa mayi wogulitsa zitenje ku Area 23, amene mpamba wake wonse ndi makwacha mamiliyoni awiri kapena atatu, kusankha pakati pa ziwirizi ndiko kumagamula ngati chaka chino apereka zakaat kapena ayi. Ndipo popeza mtengo wa golide ndi siliva umalengezedwa m'madola, wowerengayo ayeneranso kunena poyera kuti wasintha dolayo pa mtengo uti, wa ku banki kapena umene mayiyo anagulira zitenje zake.